Kufunsa Nambala Chiwongo Chake

Ku Mzimba mlendo sangotchula dzina loyamba n'kuthera pomwepo. Akakhala pansi n'kupatsidwa moni, eni khomo amafuna kumva chiwongo: ndi Jere kodi, Tembo, Nkosi kapena Moyo? Dzina loyamba amagawana anthu ambirimbiri, koma chiwongo chimamuika munthu pamalo pake. Chimaulula kumene makolo ake anachokera, amene angamutchule mbale, ndi mmene ayenera kulandiridwira. Mwambo umenewu unandibwerera m'maganizo masiku atatu amene ndinakhala pa Boma, ndikuyang'anitsitsa mwana wa mlongo wanga akugwira ntchito yake pa laputopu. Nayenso ali ndi alendo amene sawalola kulowa m'nyumba asanamve chiwongo chawo. Alendowo ndi manambala.

Mtsikanayu anaphunzira za mapu ndi kuyeza malo, ndipo tsopano amagwira ntchito ku kabungwe kena koona za madzi kumwera kwa boma la Mzimba. Udindo wake ndi kusonkhanitsa malo a mijigo, zitsime, masukulu, zipatala zing'onozing'ono, mitsinje ndi misewu, kuchokera ku Jenda, Embangweni, Champhira, Khosolo, Luwerezi, Edingeni ndi Manyamula, n'kuziika zonse mu database imodzi. Iye amaitchula kuti nkhokwe, ndipo dzinalo likuiyenera. Nkhokweyo ndi PostgreSQL yokhala ndi PostGIS, pulogalamu imene kampani ya Refractions Research ya ku Canada inatulutsa koyamba mu 2001, yothandiza database kusunga timadontho, mizere ndi malire a malo, ndiponso kuyankha mafunso onga akuti ndi midzi ingati imene ili kutali ndi mjigo kuposa mamita 500. MASDAP, malo a pa intaneti amene dziko lathu limasungirako mapu a boma ndi a mabungwe, nayonso inamangidwa pa GeoNode, imene pansi pake pali PostGIS yomweyi.

Kuthira chimanga m'nkhokwe si ntchito yovuta. Luso lili posankha: ichi chauma, ichi chikadali ndi chinyezi, ichi chili ndi anankafumbwe. Ndi kusankha kumeneku kumene ndinaona tsiku loyamba, atalandira fulashi yokhala ndi mafayilo atatu ochokera kwa anthu atatu osiyana.

Sanafulumire kutsegula mapu. Anayamba ndi kuyang'ana manambala okhaokha, monga momwe mayi wogula nyemba pamsika amayambira kuzipakasa m'manja asanafunse mtengo. Fayilo yoyamba inali ndi manambala aang'ono, onga 33.6 ndi -11.9. Yachiwiri inali ndi aakulu, onga 565000 ndi 8684000. Anandiuza kuti onsewo akuloza malo amodzi, Boma lomwe tinakhalapoli, koma akulankhula zinenero ziwiri. Oyambawo ndi madigiri: Mzimba ili madigiri pafupifupi 33.6 kum'mawa kwa mzere wa Greenwich, ndi 11.9 kumwera kwa ikweta, n'chifukwa chake pali kachizindikiro kochotsera. Achiwiriwo ndi mamita a njira yotchedwa UTM, imene inadula dziko lonse lapansi m'mazoni 60, iliyonse yotambalala madigiri 6. Malawi yense ali mu zoni 36, yoyambira pa madigiri 30 kulekeza pa 36, ndipo mzere wake wapakati ndi wa madigiri 33. Mzere wapakatiwo unapatsidwa nambala 500000 kuti pasakhale nambala yochotsera, choncho 565000 ikutanthauza kuti Boma lili makilomita pafupifupi 65 kum'mawa kwake. Kwa ife a kumwera, ikweta inapatsidwa 10000000, ndipo nambalayo imachepa pamene ukutsika. Ukachotsa 8684000 pamenepo upeza kuti tili makilomita oposa 1,300 kumwera kwa ikweta.

Zonsezi amaziwerenga ndi maso m'kanthawi kochepa. Akaona nambala yachiwiri ikuyamba ndi 86 kapena 87 amadziwa kuti ali kwawo. Akaona 82 amadziwa kuti fayiloyo yasochera kuchokera cha ku Blantyre. Koma anandichenjeza kuti kuzindikira chinenero si kudziwa chiwongo. Anthu awiri atha kulankhula Chitumbuka chimodzimodzi, wina ali Jere wina ali Kumwenda.

Pamenepa m'pamene nkhani ya datum imalowera. Dziko lapansi si lobulungira ngati mpira. Ndi lophwatalala pang'ono kumtunda ndi kumunsi, ndiponso lili ndi mabampu. Woyeza malo ayenera kusankha chibulunga cha masamu chofanana nalo, n'kuchikhomerera penapake. Kusankha ndi kukhomerera kumeneko ndiyo datum. Mapu athu akale a 1:50,000, amene anayamba kujambulidwa ndi Directorate of Overseas Surveys ya ku Britain n'kupitirizidwa ndi Dipatimenti ya Saveya, anakhazikika pa datum yotchedwa Arc 1950, ndipo chibulunga chake ndi cha Clarke 1880. Muzu wake uli kutali, pa Buffelsfontein pafupi ndi mzinda umene unkatchedwa Port Elizabeth ku South Africa. Kuchokera kumeneko oyeza malo analumikiza makona atatuatatu, phiri ndi phiri, motsata mzere wa madigiri 30 kulowera kumpoto, ntchito imene David Gill anaiyambitsa ali katswiri wa zakuthambo ku Cape m'zaka za m'ma 1800, ndipo inafika pomalizidwa mpaka ku Egypt mu 1954. Zipilala za simenti zimene abusa a ng'ombe amazipeza pansonga za mapiri athu ndi zidzukulu za ntchito imeneyo. Foni ya m'thumba mwanu siyidziwa zonsezi. GPS imayendera WGS 84, datum ya a chitetezo a ku America, imene inakhomereredwa pakatikati pa dziko lenilenilo, kumene masetilaiti amazungulira.

Mibadwo iwiriyi ya datum imagwiritsa ntchito UTM yomweyo, zoni 36 yomweyo, manambala ooneka mofanana. Koma kuno ku Mzimba, mjigo umodzi ukayezedwa m'njira ziwirizi, manambala ake amasiyana ndi mamita pafupifupi 300 kumpoto ndi kumwera, ndi mamita makumi ochepa kum'mawa ndi kumadzulo. Ukatenga manambala a Arc 1950 n'kuuza kompyuta kuti ndi a WGS 84, chilichonse chimasendera kumpoto mtunda wa mabwalo a mpira atatu.

Kuti ziwongo zimenezi zisasokonekere, chilichonse chili ndi nambala yake m'kaundula wotchedwa EPSG, amene anayambitsidwa ndi akatswiri oyeza malo a makampani a mafuta a ku Ulaya. Madigiri a WGS 84 ndi 4326. Mamita a zoni 36 ya kumwera pa WGS 84 ndi 32736. Mamita a zoni yomweyo pa Arc 1950 ndi 20936. Mu PostGIS nambala imeneyi imatchedwa SRID, ndipo kadontho kalikonse kolowa m'nkhokwe kamayenda nayo. Manambala atatuwa mtsikanayu amawatchula osaganiza, monga momwe ife timatchulira nambala ya foni ya kunyumba.

Fayilo yachitatu ndiyo inamuimitsa. Inali shapefile ya mitsinje ndi misewu ya kumidzi. Shapefile si fayilo imodzi, ndi banja: pali ya .shp yosunga zojambula, ya .dbf yosunga mayina, ya .shx yolozera pamene chojambula chilichonse chili mu .shp, ndi kena kakang'ono ka .prj kamene kamanena chiwongo. Anthu akamatumizirana, kakang'onoko ndi kamene kamatsala m'mbuyo. Apa nakonso kunalibe. Manambala ake anali a mamita, a zoni 36, koma panalibe chonena ngati ndi 32736 kapena 20936.

"Asibweni," anatero, poti kuno amalume amawaitana choncho, "apa wopupuluma angosankha imene anaizolowera."

Iye anatenga foni n'kuimbira amene anam'patsa fayiloyo. Sanamufunse za SRID, podziwa kuti yankho likanakhala longoganizira. Anamufunsa kumene mizereyo inachokera: kodi munthu anayenda ndi GPS, kapena anaitsata pa pepala? Yankho linali lakuti inakopedwa zaka zapitazo kuchokera pa mapu akale a pepala. Umenewo unali umboni woyamba woti ndi Arc 1950. Koma mboni imodzi siyitha mlandu. Anatsegula pulogalamu ya mapu ya QGIS, n'kuyala chithunzi cha setilaiti, n'kufunafuna chinthu chimene sichisuntha. Mtsinje umasintha njira ukasefukira, msewu wafumbi umapatuka pothawa chigwembe, mudzi umasamuka. Mlatho susamuka. Anapita pamene msewu umawoloka mtsinje wa Mzimba pafupi ndi Boma, n'kuyesa fayiloyo kawiri. Ataitchula 32736, mphambano ya mtsinje ndi msewu inagwera m'minda, kumpoto kwa mlatho. Ataitchula 20936, inakhala pamlatho penipeni. Sanakhutire. Anatsikira ku Jenda pa msewu wa M1, kenako ku Embangweni, kumene nyumba za mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser anaikhazikitsa mu 1902, zakhala pamalo amodzi kuyambira mapuwo asanajambulidwe. Konseko kusiyana kunali kofanana, kolowera mbali imodzi. Atatero m'pamene analemba 20936.

Chimene ndinachisirira kwambiri ndi mmene amasiyanitsira ntchito ziwiri zimene ongoyamba kumene amazisakaniza. Mu PostGIS muli lamulo la ST_SetSRID ndi lina la ST_Transform. Loyambalo limangotchula chiwongo, silikhudza manambala ngakhale pang'ono. Lachiwirilo limawerengetsa manambala atsopano, kuchotsa kadontho m'chinenero china kukaika m'china, malo ake padziko osasintha. Munthu akafuna kuti fayilo ya Arc 1950 ikhale ya WGS 84, n'kungoimata dzina latsopano ndi ST_SetSRID, wachita ngati wolemba "shuga" pa thumba la mchere. Ndipo ST_Transform payokha siyingathandize ngati dzina loyambalo ndi labodza, chifukwa imawerengetsa mokhulupirika kuchokera pa bodzalo. Ndondomeko yake ndi imodzi: yamba watchula chiwongo choona, kenako usamutse. Ngakhale akamagwiritsa ntchito ogr2ogr kapena shp2pgsql pothira mafayilo ambiri nthawi imodzi, amalemba yekha kumene akuchokera ndi kumene akupita, osasiyira pulogalamu kuti ilote.

Tsiku lachiwiri anandionetsa zolakwika zimene wakhala akukumana nazo, ndipo tinaseka mpaka misozi. PostGIS imafuna nambala ya kum'mawa poyamba, ya kumwera pambuyo, pomwe anthu ambiri anazolowera kutchula ya kumwera poyamba. Ukazitembenuza, mjigo wa pa Boma umakagwera m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Casablanca. Ukaiwala kachizindikiro kochotsera, umakapezeka ku Sudan. Ukasankha zoni 36 ya kumpoto, 32636 m'malo mwa 32736, kusiyana kwa nambala imodzi yokha, umakazizidwa m'nyanja ya Barents kufupi ndi Svalbard. Ukalandira fayilo kwa mnzako wa ku Lusaka, amene anazolowera zoni 35, n'kutengera chizolowezi chake, Mzimba imasamukira kufupi ndi Lubumbashi. Ndipo mizere yosadzazidwa imene kompyuta yaiwerenga ngati ziro imakaunjikana pamene ikweta imakumana ndi mzere wa Greenwich, m'nyanja kumwera kwa Ghana.

Atatha kuseka ananena kuti zolakwika zimenezi saziopa, chifukwa zimadziulula zokha. Ngakhale mwana wa sitandade 5 aona kuti ku Morocco kulibe mjigo wa ku Manyamula. Choopsa ndi cholakwika chaulemu, chimene chimakhala phee m'boma lomwelo, m'dera la inkosi yomweyo, n'kumaoneka ngati choona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mamita 300 saoneka pa mapu a boma lonse la Mzimba, limene ndi lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi. Koma mamita 300 ndi okwanira kuolotsa mjigo mtsinje, kuuchotsa m'mudzi wa mfumu ina n'kuupereka kwa ina. Ndi okwanira kuchititsa kompyuta kunena kuti mudzi uli ndi madzi pafupi, pomwe amayi ake amadzuka m'bandakucha. Cha ku Jenda ndi ku Mqocha, kumene malire a Malawi ndi Zambia ali pafupi, ndi okwanira kusamutsira munda dziko lina. Nanga tsopano pamene Customary Land Act ya 2016 inatsegula njira yolembetsera malo a makolo, munda wa munthu ukalowa m'kaundula uli pamalo a mnzake, mlanduwo adzaumva ndi adzukulu.

Pali cholakwika china chaulemu chimene amachigwira mochititsa kaso. Makina ena a GPS amaonetsa madigiri ndi maminitsi, ndipo digiri imodzi ili ndi maminitsi 60, osati 100. Boma lili pa madigiri 11 ndi maminitsi 54, zomwe ndi 11.9. Wolemba m'kope akatopa amangolemba 11.54. Popeza digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, kadonthoko kamalumphira makilomita 40 kumpoto, koma kakadali mu Mzimba momwemo, choncho palibe chodabwitsa pa mapu. Mtsikanayu amasanja manambala onse m'ndandanda n'kuyang'ana awiri otsatira kadontho. Akaona kuti pa mizere 200 palibe ndi umodzi womwe wopitirira 59, amadziwa kuti amenewo ndi maminitsi ovala zovala za eni. Palibe pulogalamu imene inam'phunzitsa zimenezi. Anaziphunzira poyang'ana makope a alangizi a zaumoyo ndi amakaniko a mijigo, anthu amene amalemba atatsamira njinga, dzuwa likuswa mtengo. Sawanyoza. Anasintha fomu yawo kuti pamwamba pakhale malo olembapo mtundu wa makina ndi mmene anawatcherera, chifukwa GPS ya m'manja itha kutcheredwa pa Arc 1950 ndi munthu amene anaigwiritsa ntchito chaka chatha pamodzi ndi mapu a pepala.

Nkhokwe yakeyo anaimanga ndi zipinda ziwiri. M'chipinda choyamba mumalowa fayilo monga momwe yabwerera, manambala ake osakhudzidwa, pamodzi ndi mawu onena amene anaibweretsa, tsiku, SRID imene waipatsa ndi chifukwa chake. M'chipinda chachiwiri mumalowa zokonzedwa, zonse m'chiwongo chimodzi cha 32736. Pakhomo la chipinda chachiwiricho anaikapo mlonda: polenga tebulo analemba kuti lizilandira 32736 yokha, choncho kadontho ka SRID ina kakafika PostGIS imakakana. Ena amakwiya ndi kukana kotere n'kuchotsa mlondayo. Iye amati kukanako ndi bwenzi lake, chifukwa kumam'dzutsa pa tsiku limene watopa.

Ndinamufunsa chifukwa chosankhira mamita m'malo mwa madigiri, poti mafoni onse amapereka madigiri. Anati mafunso a kabungwe kawo ndi a mtunda ndi kukula kwa malo. Ukafunsa PostGIS mtunda wa pakati pa timadontho tiwiri ta 4326 ta mtundu wotchedwa geometry, imakuyankha m'madigiri, nambala yonga 0.004 imene palibe mfumu ingaimvetse. Mu 32736 yankho limabwera m'mamita, ndipo popeza Mzimba ili pafupi ndi mzere wapakati wa zoni, kupotoka kwake sikupitirira masentimita 40 pa kilomita. Anandichenjezanso za SRID ya 3857, imene mapu a pa intaneti onga Google Maps ndi OpenStreetMap amaonetsera zithunzi zawo. Nayonso imalankhula mamita, koma ndi mamita otupa. Kuno kwathu imakulitsa munda ndi zoposa 4 pa 100 iliyonse. Ndi yabwino poonera, si yoyezera.

Luso lenileni limadziwanso polekezera. Kusamutsa manambala kuchoka ku Arc 1950 kupita ku WGS 84 kumadalira manambala atatu osunthira pakati pa chibulunga. M'kaundula wa EPSG muli a dera lonse la kumwera kwa Africa, -143, -90 ndi -294, komanso a Malawi yekha, -161, -73 ndi -317. Kusankha awa kapena awo kumasuntha kadontho ndi mamita pafupifupi 30, choncho amaonetsetsa kuti PROJ, injini imene imawerengetsa zonsezi pansi pa PostGIS ndi QGIS, yatenga a Malawi. Ngakhale amenewo sakhoma ndendende. Amasiya mpata wa mamita angapo. Pa mitsinje ndi mijigo mpatawo ndi wololeka. Koma tsiku lachitatu kunabwera bambo wina wachikulire ndi pepala lakale la malo ake, kupempha kuti amuonetse pa kompyuta pamene mabikoni ake ali, chifukwa akukangana ndi woyandikana naye. Mtsikanayu anam'patsa mpando, n'kumvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto. Kenako anamuuza mwaulemu kuti manambala a pa pepalalo atha kumusonyeza dera, koma osati mzere wa malire, ndipo kuti ntchito imeneyo ndi ya saveya wovomerezeka, amene amafika pamalopo ndi zida zake n'kuyambira pa chipilala chodziwika. Bamboyo anachoka wosakondwa kwenikweni. Ine ndinaona kuti wathandizidwa kuposa mmene akanathandizidwira ndi mzere wokongola wosindikizidwa pa pepala.

Madzulo ake magetsi atazima, anapitiriza ndi batire la laputopu, akumalizitsa mawu ofotokoza fayilo ya mitsinje ija: yachokera pa mapu a pepala, Arc 1950, yatsimikizidwa pa mlatho wa Mzimba, pa Jenda ndi pa Embangweni. Anati akulembera munthu amene adzakhale pampandowo iye atachoka, kuti asadzayambirenso kuimba mafoni. Ndikuyang'ana pa sikirini ndinaona foda ina pambali, yolembedwa kuti Alendo. Munali mafayilo asanu ndi awiri. Ena akhalamo miyezi ingapo. Ndi aja amene eni ake sakumbukira kumene anachokera, ndipo mulibe mlatho kapena mphambano yoti n'kuyesera: timadontho tokhatokha m'tchire, timene tingakhale pano kapena mamita 300 uko. Akuluakulu ake anam'funsapo kangapo kuti bwanji osangowathira m'nkhokwe, chiwerengero cha mijigo chikwere mu lipoti. Sanawataye, ndipo sanawalowetse. Mwezi wamawa, mvula isanatseke njira ya ku Khosolo, akufuna kukwera njinga yamoto ndi foni yake, akaime pa mijigo itatu yokha ya m'fayilo imodzi. Itatuyo ikadzayankha, ina yonse ya m'fayiloyo idzadziwika chiwongo chake, ndipo idzalowa.